Bwana akufuna ndikayezetse magazi ndisanayambe ntchito, zimaloledwa?

Achemwali ena andilembera imelo, akuti anakhoza intaviyu pa loji ina ku Lilongwe koma bwana wawauza kuti asanayambe abweretse kaye pepala la zotsatira za HIV ndi lina loonetsa kuti sali oyembekezera, ndiye akufunsa ngati malamulo amalola zimenezi.

Achemwali, sizololedwa ayi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa bwana kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti amulembe ntchito, ndipo poyamba bilu yake inali ndi ndime zoti anthu ena aziyezedwa mokakamiza koma aphungu anazichotsa mu 2017 mabungwe atalankhula kwambiri. Magazi anu ndi nkhani ya inu ndi adokotala basi.

Za mimbazo, lamulo la zantchito (Employment Act) la 2000 ndime 5 limakana tsankho polemba ntchito chifukwa choti ndinu mkazi, muli pabanja kapena ayi, mtundu wanu, chipembedzo, ulumali, ngakhale udindo wosamalira ana kunyumba, ndipo Konsitichushoni ndime 20 nayonso imaletsa tsankho. Chimene mabwana ambiri akuthawa ndi tchuthi cha uchembere, masabata 8 malipiro onse, ndiye amaona ngati bola kumutsekera pakhomo mtsikanayo asanalowe n'komwe. Zimandipweteka kwambiri chifukwa amadziwa kuti munthu wayenda miyezi ndi envelopu ya ma CV pa dzuwa, nsapato zatha, sangakane chilichonse.

Komatu si zonse zomwe bwana wafunsa zili tsankho. Akafuna setifiketi ya MSCE, laisensi kwa dalaivala, kapena kuti muzitha kompyuta poti mukhala pa risepushoni, palibe cholakwika, zikugwirizana ndi ntchitoyo.

Ngati anakuuzani pa WhatsApp musafufute, jambulani sikirini. Ngati zinali zapakamwa, atumizireni meseji mwaulemu kuti "bwana, mapepala aja munati ndibweretse ndi ati ndi ati?" kuti ayankhe polemba, popanda umboni adzangokana kuti sananene. Mukatero pitani ku ofesi ya Leba ya m'boma mwanu, salipiritsa, amamuitana bwanayo n'kukambirana. Zikakanika kuli khoti la Industrial Relations lomwe limamva milandu ya pantchito, komanso a bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo ngati amenewa. Musachedwe nazo, pitani nkhani ikadali yotentha ndipo mutenge kalata yomwe anakuitanirani ku intaviyu ija.