Kaunjika akuyenda pa WhatsApp, koma ndalama sindikuziona

Alangizi, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Nchalo. Ndimagulitsa kaunjika wa amayi ndi ana poika zithunzi pa status ya WhatsApp ndi m'magulu a Facebook. Katundu ndimakasankha ku Limbe. Ofunsa mitengo ndi ambiri ndipo zovala zimatuluka ndithu, koma ikafika nthawi yokaoda ndimapeza kuti ndalama yachepa. Ambiri amatenga kuti adzalipira pakutha pa mwezi. Ndikuganiza zotenga ngongole ku banki mkhonde kuti ndigule belo lathunthu, komanso ndiyambe kugulitsa mafoni ogwiritsidwa kale ntchito. Kodi ndikuganiza bwino?

Mayi, zikomo polemba. Ngongoleyo musatenge pakali pano. Geni yanu ndi yamoyo, umboni wake ndi woti anthu akufunsa ndipo akugula, koma ili ndi pamene ikudontha, ndipo mukathiramo ndalama ya ngongole musanapapeze, nayonso idzatulukira pomwepo, chiwongoladzanja chili pamsana panu.

Tiyambe ndi belo, poti ndi pamene mtima wanu uli. Belo limaoneka lotchipa mukagawa mtengo wake ndi chiwerengero cha zovala, koma zovala za m'belo sizifanana. Tiyerekeze, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu enieni. Mwagula belo pa K400,000. Transipoti yanu ndi ya katundu kuchoka ku Limbe kutsika nalo mpaka ku Nchalo, sopo, makala a m'simbi yositira ndi bandulo, zonse pamodzi K50,000. Mwalowetsa K450,000. Mwadula belo kunyumba, mwapezamo zovala 200. Mwa izi, 40 ndi zokongola kwambiri, zoti munthu akangoona chithunzi amafunsa mtengo. Muzigulitsa K6,000 chimodzi. Zina 90 ndi zapakatikati, za K2,500. Zotsala 70 ndi zija zofwifwa, zothimbirira m'khwapa, zazikulu mopyola muyeso, kapena zokhuthala zoti munthu wa kuno kuchigwa sangazivale mu Okutobala ngakhale mutamupatsa ulere. Mwina K700 chimodzi. Zonse zikatha mupeza K514,000, phindu K64,000.

Tsopano onani pamene anthu ambiri amapusitsikira. Zokongola 40 zija zimatha sabata yoyamba, ndipo m'foni mumalowa K240,000. Mtima umati bizinesi yayenda. Mumagula ndiwo zabwino, mumalipira yotsala ya kusukulu, mumathandiza pa maliro a kwa aneba. Koma kunena zoona mpamba wanu sunabwerere, kwatsala K210,000, ndipo kuti ibwerere muyenera kugulitsa zovala 84 mwa zapakatikati zija. Gawo lalikulu la phindu la belo lili m'thumba la zotsalira lomwe lili kuseri kwa chitseko, zovala zoti pa intaneti sizigulika chifukwa chithunzi chake sichikopa munthu. Ngati gulu lanu la banki mkhonde limatenga K20 pa K100 iliyonse pa mwezi, chiwongoladzanja cha K450,000 ndi K90,000 mwezi umodzi wokha. Chaposa kale phindu la belo lonse, ndiponso belolo silitha mwezi umodzi.

Njira imene mukuchita panopa, yosankha chimodzichimodzi belo likatsegulidwa, ndi imene ikugwirizana ndi malonda a pa foni. Mukagula zovala 40 zosankha pa K3,750 chimodzi mwalowetsa K150,000. Onjezani K35,000 ya ulendo ndi zina zija. Mukazigulitsa K6,000 chimodzi mupeza K240,000, phindu K55,000. Ndi phindu loyandikana ndi la belo, koma mpamba wake sufika ngakhale theka, ndipo mulibe thumba la zotsalira. Belo limamukomera munthu amene ali ndi benchi pamsika komanso amazungulira pa masiku a msika, lero ku Ngabu, tsiku lina ku Bangula kapena ku Dyeratu, kumene amayala pansi zotsalirazo n'kumaitanira mtengo wotsika mpaka zithe. Ngati tsiku lina mudzapeze mnzanu wotero woti azitenga zotsalira zanu zonse pa mtengo umodzi, pamenepo tidzakambanso za belo.

Nkhani imene ikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi ya otenga zovala kuti adzalipira pakutha pa mwezi. Ndikudziwa mmene Nchalo ilili. Ndalama ya m'tauniyo imayenda ndi malipiro a ogwira ntchito ku minda ndi fakitale ya shuga ya Illovo, aphunzitsi ndi a zachipatala, kotero pakati pa mwezi anthu amakhala ouma ndipo wogulitsa amaona ngati akakana ngongole sagulitsa kanthu. Koma tsiku la malipiro likafika, inu muli kumapeto kwa mzere. Patsogolo panu pali mwini nyumba, wagolosale, wakatapila, fizi. Diresi munthu wavala kale, wapita nayo ku tchalitchi kawiri, changu cholipira chatha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama imene ili m'manja mwa makasitomala musamaiwerengere ngati yanu pokonza ulendo wa ku Limbe.

Sindikuti muwathamangitse. Sinthani kachitidwe kokha: amene wakonda chovala alipireko theka, inu muchisunge m'nyumba mwanu mutalembapo dzina lake, adzachitenge tsiku lomaliza kulipira. Mugwirizane tsiku. Likadutsa ndi sabata osabwera, chovala chibwerere pa status, ndipo ndalama yake mum'bwezere kapena asankhe china cha mtengo umenewo. Ena adzadandaula kuti mwayamba kudzimva, makamaka achibale ndi a kumpingo. Ayankheni mwaulemu kuti, "Pepani achemwali, ndalamayi si yanga, ndi ya katundu." Mawuwa ndi oona. Ndipo poti mukudziwa kuti ndalama imagwa kumapeto kwa mwezi, konzani ulendo wokaoda kuti katundu watsopano aziikidwa pa status masiku ochepa malipiro asanatuluke, osati pa 10 pamene aliyense akungoyang'ana.

Gulani kope lililonse lotchipa. Chovala chilichonse chikhale ndi nambala yake, yolembedwa pa kapepala komata pakolala, ndipo nambala yomweyo ikhale pa chithunzi. M'kope mulembe nambala, mtengo wogulira, tsiku lofika, mtengo wogulitsira ndi tsiku lotuluka. Patsamba lina muzilemba chilichonse chimene chatuluka chifukwa cha geni: minibasi, wakabaza, bandulo, mayunitsi, sopo, majumbo, ndalama imene imadulidwa potapa kwa ejenti, ngakhale chipisi chimene munadya ku Limbe podikira kuti belo litsegulidwe. Zing'onozing'ono zimenezi ndi zimene zimadya phindu mwakachetechete. Diresi imene mwadzitengera nokha kapena malaya amene mwaveka mwana, lembaninso ngati zagulidwa, ndipo mulipire. Mudziikire malipiro anu pa sabata, ochepa koma odziwika, ndipo ya ndiwo izichokera pamenepo. Ngati muli ndi manambala awiri, wina wa Airtel Money wina wa TNM Mpamba, umodzi ukhale wa geni yokha.

Poika mtengo musamayang'ane mtengo umene munagulira wokha, muziyang'ananso umene mukagulire ulendo wotsatira. Kaunjika amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera, ndipo wogulitsa amene anamaliza katundu wake pa mitengo yakale anapezeka kuti ali ndi ndalama yonse m'manja koma yosakwanira kuodanso katundu wofanana ndi amene anali naye. Khalani ndi nambala ya munthu mmodzi kapena awiri amene mumagula kwa iwo ku Limbe, muziwafunsa mitengo musanatsitsire kasitomala.

Za ofunsa mtengo osagula, gawo lina ndi chibadwa cha malonda, koma gawo lalikulu mungalichepetse. Lembani mtengo pa chithunzi pomwepo. Kuuza anthu kuti abwere ku inbox kuti amve mtengo kumangokutherani bandulo ndi nthawi, ndipo ena amaganiza kuti mumatchula mtengo poona nkhope. Chapani chovala, chisiteni, chipachikeni pa hang'ala kukhoma loyera, mujambule m'mawa dzuwa lisanakwere, pakhonde pomwe pali kuwala koma popanda dzuwa lowomba mwachindunji, chifukwa dzuwa la kuno limasintha mtundu wa nsalu pa chithunzi. Kenaka tengani tepi ya atelala muyeze chifuwa, chiuno ndi kutalika, mulembe. Saizi yolembedwa pakolala musaidalire: 12 wa ku Britain si 12 wa ku America, ndipo chovala chochapidwa kambiri chimasintha. Ngati pali kabowo kapena batani losowa, jambulani pafupi ndi kunena. Mayi wa ku Nsanje amene walandira diresi n'kupeza chilema chimene simunamuuze sadzagulanso, ndipo adzauza gulu lonse la kuntchito kwake. Amene munamuuziratu n'kumuchotserako K500 adzabweranso. Komanso musamaike zithunzi 60 tsiku limodzi. Anthu amatopa pa chakhumi, bandulo ndi yodula kwa iwonso.

Kutumiza katundu ndi pamene malonda a pa foni amavutira kuno kwathu. Amene ali m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Thabwa, Dyeratu, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje boma, mungawatumizire pa minibasi. Pezani madalaivala kapena makondakitala awiri odziwika, lembani nambala ya galimoto, jambulani phukusi, ndipo muimbireni wolandira kuti adikire pa siteji. Mtengo wotumizira alipire wogula ndipo muutchule poyamba pomwe. Sankhani masiku awiri pa sabata otumizira kuti maphukusi a njira imodzi apitire limodzi. A kutsidya kwa Shire, monga ku Makhanga ndi ku Muona, nthawi ya mvula musawalonjeze tsiku, popeza njira zimaduka. Ndipo katundu asatuluke m'nyumba ndalama isanalowe. Chithunzi cha uthenga woti ndalama yatumizidwa si ndalama. Mauthenga otere anthu amapanga. Tsegulani akaunti yanu nokha muone ngati balansi yakwera. Wina akaimba kuti watumiza ndalama molakwika mum'bwezere, chitaninso chimodzimodzi, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Nyengo nayo muziiwerengera. Januwale ndi Febuluwale ndalama ya anthu imapita ku chimanga ndi fizi, zovala zimayenda pang'onopang'ono, ndiye si nthawi yodzaza nyumba ndi katundu. Ndi nthawinso ya madzi osefukira. Tonse tikukumbukira zimene namondwe Ana anachita mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Katundu wanu azikhala m'matumba a pulasitiki omanga bwino, pamwamba, osati pansi pomwe chinyontho ndi chiswe zimafika, ndipo m'miyezi imeneyi gawo lalikulu la mpamba likhale mu akaunti, osati m'zovala. Anthu akayamba kugulitsa thonje ndi chitowe, komanso nyengo yodula nzimbe ikayamba, ndalama imayenda ndipo mungaonjezere katundu. Majuzi ndi majekete a ana amayenda mu Juni ndi Julayi basi. Mukachedwa nawo mugona nawo chaka chathunthu. Miyezi yotentha funani nsalu zopepuka za thonje.

Za mafoni, yankho langa ndi lakuti ayi, osati panopa. Foni imodzi imadya mpamba wa zovala zambiri, ndipo chilema chake sichioneka ndi maso: batire lotha, sikirini yosinthidwa, kapena foni yokhomedwa ndi akaunti ya Google ya mwini wake wakale. Choopsa kwambiri ndi chakuti mafoni ena ogulitsidwa motchipa amakhala obedwa, ndipo kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Apolisi akaitsata foni amafikira amene ali nayo, iye n'kuloza inu. Ngati mudzafune kulowamo mtsogolo, muzidzagula kwa munthu amene wakuonetsani chiphaso chake cha unzika, mulemberane pepala lokhala ndi nambala ya chiphasocho ndi nambala ya IMEI ya foniyo, imene imaoneka mukaimba *#06#, ndipo mwini wake achotse akaunti yake inu mukuona. Koma ngati mukufuna kuonjezera katundu lero, onjezerani zimene makasitomala anu omwewa amafuna ndipo inu mumazidziwa: nsapato za ana, zikwama za m'manja, makatani, zofunda za pabedi.

Chitani izi kwa maulendo atatu okaoda, osatenga ngongole ndiponso osapereka katundu pa ngongole yatsopano. Sabata ino lembani mayina a onse amene anatenga zovala zanu pa ngongole ndi ndalama zake, muwonkhetse. Ndikukhulupirira kuti gawo lalikulu la ndalama imene mukuti ikusowa mulipeza patsamba limenelo. Yambani kutolera kwa amene ali ndi zochepa, chifukwa ndi amene amalipira msanga. Ulendo wachitatu ukatha, mundilemberenso manambala atatu: ndalama imene munalowetsa, imene inabwerera, ndi masiku amene katundu anatenga kuti athe. Tikaona kuti katundu akutha mwezi usanathe ndipo phindu likuposa chiwongoladzanja cha ku banki mkhonde, tidzawerengera limodzi kuti mungakongole zingati.