Ndigule kachigayo kotani ka khofi?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine khofi ndimamukonda koopsa, ndimagula wanjere nkumagaya ndekha ndi kamakina kokhala ndi kampeni kozungulira kaja, koma tsiku lina awawe tsiku lina angokhala madzimadzi. Mnzanga akuti ndigule cha burr, nde ndi chani chimenecho, ndipo poyambira ndigule chiti? Ndimapanga makapu awiri mmawa pa French press, kajagi koviikamo khofi m'madzi otentha kenako nkukanikiza sefa kaja. Ndine mayi wowerenga wanu.

YANKHO: Mayi, mnzanuyo wanena zoona ndipo vuto si manja anu ayi. Kampeni kaja sikagaya, kamangotema njere mwachisawawa, zina nkusanduka fumbi zina nkutsala zibenthu, nde mukathira madzi fumbi lija limatulutsa zonse mpaka kuwawa pomwe zibenthu sizinayambe nkomwe, zimangowawasa. Cha burr chili ndi mano awiri oyang'anizana, njere imaphwanyidwa pakati ndipo siituluka mpaka itachepa kufika pa mpata umene mwatchera inuyo. Mukatchera pomwepo mawa, khofi amatuluka chimodzimodzi, nkhani yonse yagona pamenepo.

Pa makapu awiri ine ndingati gulani chapamanja cha mano achitsulo. Kapu ya 250ml imafuna magalamu 15 a khofi, ndipo kupukusa kwake nkosafika nkomwe mphindi ziwiri. Ndalama yanu yonse imapita ku mano osati ku mota, nchifukwa chake chapamanja chabwino chimaposa chamagetsi chotchipa. Timemore C2 ndi poyambira pabwino, kungoti kamalowa magalamu 20 ndi pang'ono basi, nde makapu awiri muzigaya kawiri. Za mano a ceramic (dongo lootcha lolimba) ngati Hario Skerton sizichita dzimbiri koma zimachedwa, komanso mukatchera zikuluzikulu mano amagwedera, chonsecho French press yanuyo imafuna zikuluzikulu zomwezo. Musanalipire gwirani kamtengo kapakati nkukagwedeza, kakamasewera kasiyeni.

Ngati pakhomo muli ambiri kapena dzanja limakuvutani, Baratza Encore ndi yamagetsi yokhala ndi potchera 40 ndipo chimene ndimaikondera nchoti masipeya ake amagulitsidwa, giya ikatha mumangosintha osataya makina onse. Muonetsetse kaye kuti mphamvu yake ikugwirizana ndi magetsi a kwanu, pali za 110V ndi za 220V. Espresso, khofi wamphamvu wofinyidwa ndi makina uja, ndi nkhani ina, imafuna chotchera pang'onopang'ono kwambiri ngati Encore ESP, koma inu panopa musavutike nazo.

Chonde mano achitsulo musamatsuke ndi madzi, kabulashi kouma nkokwanira, ndipo zokometsera ndiwo musagayiremo, fungo lake silichoka. Khofi akamamatirira mmbali gwedezani njere ndi chogwirira cha supuni chonyowa pang'ono musanagaye. Gayani wa nthawi yomweyo basi, akawawa kulitsani mpata, akawawasa chepetsani, kamodzi kamodzi mpaka mupeze pokukomerani.