Mphoto ikhale m'manja mwanu musanaitane ana

Achemwali, nditangowerenga zimene mwalembazi, zoti mukufuna kuyambitsa mpikisano wa mafunso wa ana asukulu, mtima wanga wachita kuti myuu, chifukwa njira imene mukufuna kuyendayi ine ndinaiyendapo, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa holo ija ndimayang'ana kumbali. Mpikisano wa mafunso wa ana a sekondale wotengera Zain Africa Challenge, pulogalamu ya pa TV ija ya mafunso ya mayunivesite, ungatheke ndithu kuno ku Mzuzu. Koma poti mwati pali bwana wina amene wanena kuti za mphoto adzaona yekha, imani kaye pomwepo mumve zanga.

Choyamba, enanu amene mukulemba kuti pulogalamu ija inali ya ku Nigeria, ayi. Inayamba ndi dzina loti Celtel Africa Challenge, muli mayunivesite a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Malawi ndi Zambia analowa pambuyo pake, a ku Nigeria ndi Ghana anabwera mochedwa. Dzina la Zain linabwera kampani ya mafoni ija itasintha dzina mu 2008. Ankajambulira ku Kampala, ndipo wofunsa mafunso anali John Sibi-Okumu wa ku Kenya, bambo wa mawu ake aja, wosathamanga, wotchula dzina la mwana aliyense mwaulemu ngati akulankhula ndi nduna. Kuti a University of Ibadan anatenga chikho mu 2009 nzoona, mwina nchifukwa chake mukusokoneza, koma a Egerton a ku Kenya ndi amene ankationetsa zakuda kawirikawiri.

Nthawi imeneyo ndinkachita lendi ku Chibavi, TV ndinalibe. Tinkaonera TVM kwa aneba, mdala wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, pa ka TV kakang'ono kamakedzana, eriyo itamangiriridwa pa nsungwi kuseri kwa nyumba. Mphepo ikawomba chithunzi chonse chinkasanduka mchenga, mwana mmodzi n'kuthamangira panja kukapotoza nsungwi, ife m'nyumba tikukuwa kuti pomwepo, pomwepo, usagwedezenso! Pabalaza pankadzaza mpaka ena kusuzumira pawindo. Mdala uja ankakhala ndi kope pamwendo n'kumalemba funso lililonse limene lamulaka. Ndiye ifike Ultimate Challenge ija, masekondi 60, mafunso 10, lililonse mapointi 50. Munthu sunkapuma. Timu yoti yakhala ikutsalira pulogalamu yonse inkatha kudzuka pomwepo n'kupambana. Ndipo tsiku limene tinaona ana a pa Mzuni (Mzuzu University), a pa Luwinga pomwe pano, atakhala pa mipando ija atatu pa atatu kulimbana ndi mayunivesite a mayiko ena, mkati mwanga munatentha. Yunivesite yoti inangotsegulidwa mu 1999, chaka chomwecho chimene TVM inayamba, koma ana ake ali pa mzere umodzi ndi a Makerere, kulimbirana madola 50,000 opita ku sukulu yawo. Mawa lake m'kalasi ana anga sankakamba za mpira, ankakamba za malikulu a mayiko ndi mitsinje. Ine monga mphunzitsi ndinali ndisanaonepo zoterozo.

Nchimene chinandilowetsa m'mavuto.

Mu 2010 ndinati tiyambe wathu. Sukulu zisanu ndi imodzi, zambiri za masana zomwezi, ana atatu pa timu ngati pa TV paja. Mabazala tinalibe, tinagula mabelu a njinga n'kuwakhomera pa mabenchi. Mafunso ndinkalemba ndekha usiku ndi kandulo, mnzanga wa masamu n'kumawaona ngati ali bwino. Tinayamba m'makalasi, ndime zoyamba zinayenda bwino zedi, moti mbiri inafika m'tauni. Ndiye kunabwera bambo wina wa shopu ya zipangizo zomangira, wa mimba yake, wa makiyi ake a galimoto m'manja nthawi zonse. Sindinamufune ine, anandifuna yekha. Anati aphunzitsi, zimene mukuchitazi nzachitukuko, ine ndine mwana wa kuno, mphoto ndipereka ndine. K30,000 timu yoyamba, K15,000 yachiwiri, kuonjezera apo madikishonale ndi fizi ya teremu imodzi kwa mwana amene wayankha mafunso ambiri. Chimene ankafuna chinali chimodzi, dzina la shopu yake likhale pa nsalu kutsogolo. Nsaluyo ndinalembetsa ndi ndalama zanga. Nditamuuza kuti tilemberane pa pepala anaseka, amvekere kodi aphunzitsi mukundiona ngati mwana? Ndinachita manyazi, ndinasiya. Munthu wamkulu, wodziwika ku tchalitchi, ndikanamuumiriza bwanji?

Fainolo inali Loweruka lina mu July, World Cup ya ku South Africa itangotha kumene, ana onse akadali ndi mavuvuzela. Kunja kuli kuzizira kwa Mzuzu kuja kolowa m'mafupa, mawawa osaleka kuyambira m'mawa. Tinabwereka holo ya tchalitchi china. Pofika 1 koloko munali mutadzaza, makolo, aphunzitsi, ahedi awiri, ana mpaka m'mawindo. Kutsogolo ndinaika mpando wa khushoni wa mlendo wolemekezeka ndi botolo la madzi. M'mawa wa tsikulo ndinamuimbira, anati ndili ku Ekwendeni ndikutsitsa simenti, yambani ndikupezani. Tinayamba.

Mpikisanowo unali wokoma kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo nchimene chimandipweteka kwambiri. Ana ankayankha ngati akuwerenga. Kutalika kwa Sapitwa, belu ngirii, mamita 3,002. Chaka chimene likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, 1975. Chilembwe, 1915, funso lisanathe n'komwe. Titafika kumapeto matimu awiri anafanana mapointi, holo yonse ili chiimirire. Ndinatulutsa funso limene ndinalisunga m'thumba la malaya: Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi chaka chanji, tsiku limene kunachita kadamsana? Kunali zii. Kenako kamtsikana kena ka Fomu 3, kochepa thupi, kovala juzi yaikulu yobwereka, kanaliza belu n'kunena motsitsa kuti 1835. Ndinati zoona! Denga likanatha kusasuka. Mavuvuzela, nthungululu, anzake anakanyamula m'mwamba, mayi ake anatuluka pakati pa anthu akuvina, chitenje chili m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinatembenuka kuyang'ana mpando uja. Botolo lokha.

Ndinauza mnzanga kuti aike nyimbo, ine n'kutulukira kukhomo la kumbuyo. Ndinaima pansi pa khonde mvula ikundiwaza kumaso, n'kuimba. Inaitana mpaka kuduka. Kachiwiri inaitana kawiri n'kudulidwa. Kachitatu ndinamva mawu aja akuti nambalayi sikupezeka. Manja ankanjenjemera moti foni inagwa m'matope. Ndinatuma mnyamata pa sakaramento, njinga ya hayala, kuti athamangire ku shopu, anabwerako atanyowa yense, akuti shopu njotsegula koma anyamata akuti bwana apita ku Karonga kuyambira dzulo. Dzulo! Munthu amene m'mawa womwewo ankandiuza kuti ali ku Ekwendeni. M'kati nyimbo inatha, anaikanso yomweyo, inathanso. Ndinkamva phokoso likusintha, kuchoka ku chisangalalo kufika pa kung'ung'udza kuja kwa anthu amene ayamba kuzindikira. M'thumba mwanga munali K1,200.

Ndinalowa. Sindidziwa kuti miyendo inandifikitsa bwanji kutsogolo. Ndinagwira maikolofoni n'kunena kuti mlendo wathu wapeza zovuta panjira, mphoto ziperekedwa sabata yamawa ku sukulu. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti mwadya ndalama aphunzitsi, nenani zoona! Ena anaseka, ena anavomereza. Mmodzi wa ahedi aja ananyamuka osandipatsa ndi moni womwe. Koma zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandithyola ndi mayi uja. Anadikira anthu achepe, anabwera ndi mwana wake atamugwira dzanja, anagwada pa simenti yozizira ija n'kundiuza mwaulemu kuti aphunzitsi pepani, ife ndalama ya minibasi tinachita kubwereka, timaganiza kuti tibweza ikapezeka ya mphotoyi, nanga fizi ija ndiye kuti iliko ndithu? Mtsikanayo sanalankhule kanthu. Ankangoyang'ana nsalu ija ya dzina la shopu. Ndinawapatsa K1,200 yonse ija, ine n'kuyenda wapansi mpaka ku Chibavi mvula ili pamsana, nsalu nditaipinda kukhwapa.

Munthu uja ndinamulondola milungu itatu. Lero akuti bwerani mawa, mawa akuti bizinesi yavuta, katundu wagwidwa ku boda. Tsiku lomaliza anandilankhula pamaso pa makasitomala ake kuti kodi aphunzitsi tinasainirana pati? Mawu amenewo! Yemwe uja amene anaseka nditatchula pepala. Ndipo chithunzi cha nsalu yanga, ana ali kutsogolo kwake, anachipachika mu shopu mwake kuti anthu aziona kuti amathandiza maphunziro. Anthu oterewa alipo ambiri m'tauni muno, okonda kuomberedwa m'manja ndi thukuta la anzawo. Amadziwa kuti mphunzitsi sangawatengere kulikonse, alibe loya, alibe nthawi, ndiponso amaopa kuoneka wopemphetsa. Kunamiza ine si kanthu, koma kunamiza mwana amene wagona usiku akuloweza zaka ndi mayina pa koloboyi, ameneyo ndi mlandu umene ine sindinaukhululuke, ngakhale abusa anandiuza kangapo kuti ndiusiye. Ndikamuona lero ali pa mpando wa kutsogolo pa zochitika zina, m'mimba mwanga mumatembenuka.

Mphotozo ndinalipira ndekha. Ndinakatenga katapila, ndinagulitsa njinga ndi wailesi, ndinakhala miyezi inayi malipiro akungodutsa m'manja. Madikishonale ndinagula akale pa msika. Fizi ya mtsikana uja ndinapereka, ngakhale mochedwa, atabwezedwapo kale kunyumba kamodzi. Komabe dzina loti anadya ndalama za ana linandikakamira ku sukulu zina mpaka zaka. Chaka chomwecho Airtel inagula Zain, pulogalamu ya pa TV ija inazimiririka, nanenso mabelu anga ndinawaika m'katoni.

Ndiye malangizo anga ndi awa, achemwali. Anthu olonjeza mphoto atalikireni, musawalole n'komwe kuyandikira ana anu. Chitani mpikisano wopanda ndalama, ana apikisane chifukwa cha ulemu wa sukulu yawo basi, mugule kachikho kamodzi kozungulira chaka ndi chaka ndi masatifiketi osindikiza bwino. Ana a kuno njala ya mafunso ali nayo, ndinaiona ndi maso anga. Komabe kunena zoona popanda kanthu kogwirika makolo satulutsa mwana Loweruka, ndipo aphunzitsi anzanu sangakonzekeretse timu ulere, ndiye bwana wanuyo musamutaye. Pitani kwa iye mawa lomwe. Muuzeni kuti ndalama ibwere sabata ziwiri fainolo isanafike, isungidwe ndi komiti ya anthu atatu ochokera sukulu zosiyana, osati inu nokha, chifukwa ikakhala m'manja mwanu adzakunenani ngati mmene anandinenera ine. Akakhala wa mabuku kapena makope, katunduyo afike mumuwerenge, mumutsekere mu ofesi ya ahedi. Dzina lake lipite pa nsalu ndalama italowa, osati isanalowe. Akayamba zoti kodi simukundikhulupirira, dziwani kuti ndi yemwe uja wabweranso ndi nkhope ina. Ndipo musalengeze kwa ana kuchuluka kwa mphoto imene simunaigwire, ngakhale atalumbira pa Baibulo.

Zinanso zazing'ono: mafunso asalembe munthu mmodzi ndipo asakhale mphunzitsi wa sukulu imene ikupikisana, apo ayi mudzamva zoti munaonetsa ana anu. Pezani wosunga nthawi wa wotchi yake ndi wolemba mapointi pa bolodi poonekera aliyense. Mabelu a njinga amagwira ntchito koma muike munthu wa makutu akuthwa woti aziweruza amene wayamba kuliza, pamenepo ndi pamene pamabuka mikangano. Musaiwale jenereta kapena sipika ya batire. Ikanimo mafunso a kwathu kuno ambiri, Livingstonia, Nyika, Vwaza, mafumu a Angoni ndi a Atumbuka, chifukwa holo imadzuka kwambiri funso likakhala la pakhomo kusiyana ndi la mitsinje ya ku Europe. Ndalama ya mayendedwe a ana ochokera kutali ikhale padera tsiku lisanafike, iperekedwe ngakhale timu italuza.

Kope la mafunso anga ndikadali nalo, lili ndi mafunso opitirira 400, ena afunika kuwakonza poti zinthu zasintha. Mabelu anayi akadali m'katoni. Ndilembereni ku inbox mudzatenge, ndipo ngati mukufuna wosunga nthawi tsikulo ndibwera. Koma kutsogolo pa maikolofoni musandiike.