Amayi akukana kuchoka kwa Mpondasi, nyumba tiikonze ndi ndalama ziti?

Azakhali, amayi anga ali ndi zaka 78 amakhala okha kwa Mpondasi ku Mangochi, mawondo anatha moti kunyonyomala kuchimbudzi ndi nkhondo ndipo mwezi wathawu anaterereka kubafa. Ndawauza adzakhale kwanga ku Blantyre akukana, akuti sangasiye pakhomo pawo. Achimwene ali ku Joni akuti tidikire adzawamangira nyumba ina ya chimbudzi mkati koma nkhaniyi ndi ya kalekale. Kodi boma silithandiza zoterezi? Ine malipiro anga ndi ochepa.
Mwana wawo wamkazi, Ndirande

Mwanawe, amayiwo asiyeni kwawo, kumeneko ali ndi anzawo, kumzikiti kapena kutchalitchi ndi pafupi, kubwera nawo ku Ndirande nkumawatsekera mnyumba inu mukapita kuntchito angakalambe kawiri. Koma zodikira nyumba ya achimwenezo ayi. Munthu wa zaka 78 akagwa nkuthyoka fupa la mchiuno nthawi zambiri sadzukanso bwino, ndiye chofunika nkukonza pomwe akupondapo lero.

Za boma ndikuuzeni zoona, musaikepo mtima kwambiri. Mtukula Pakhomo ilipo ku Mangochi koma amasankha mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, ndipo ndalama yake ndi yochepa, ya chakudya ndi sopo, siyokwanira kumangira. Kukafunsa kuofesi ya Social Welfare pa boma sikulakwa ayi, koma simenti mugula nokha anawo.

Bola zinthu zake sizodula ngati mmene mukuopera. Yambani ndi chimbudzi. Kalipentala akhome kampando ka matabwa olimba kobowola pakati, kutalika kwake kufika mmawondo mwa amayiwo, masentimita ngati 45, kuti azikhala pansi osati kunyonyomala, pambali mzikepo paipi kapena mtengo wolimba ndi simenti woti azigwira podzuka. Muonenso dzenjelo, dothi la kufupi ndi Shire ndi nyanja ndi lamchenga, zimbudzi zimatitimira mvula ikachuluka, ngati ndi cha mitengo ndiye ndalama yoyamba ipite pa silabu basi. Kubafa mmisiri asasalaze simenti ngati khonde la alendo, asiye yokhakhala komanso yopendekeka pang'ono madzi asamadikhe nkumera ndere, muikemo mpando azisamba atakhala ndipo ndowa ikhale pamwamba asamawerame. Masitepe apakhomo ngati ndi atali muwasandutse kotsetsereka, pa masentimita 10 aliwonse okwera pafunika masentimita 120 mlitali, amisiri ambiri amafupikitsa posunga simenti ndiye pamakhala poopsa kuposa sitepe yomwe munachotsayo. Kagetsi ka sola panjira yakuchimbudzi musaiwale, anthu akulu amadzuka usiku kangapo.

Tsopano ndalama. Achimwenewo musawauze kuti "tumizani thandizo la amayi", mawu amenewo munthu amangoti ndiona. Pezani mmisiri wakomweko alembe kotesheni papepala, matumba a simenti angati, matabwa, paipi, lebala, mujambule muponye pa gulupu ya WhatsApp yapabanja aliyense atenge chake, wina chimbudzi wina bafa wina sola. Wa ku Joni akaona kuti ndi matumba angapo osati nyumba yonse amatumiza pa Mukuru sabata yomweyo. Ndalamayo isafikire mmanja mwa amayi, osati kuti angaononge ayi koma mtima wa agogo, adzukulu akalira fizi apereka yonse. Mulipire kuhadiweya pa Airtel Money kapena Mpamba, mmisiri theka poyamba theka akamaliza. Gawo lanulo ngati lavuta tengani ku banki mkhonde kapena dikirani chipereganyu, katapila musayerekeze. Amalume, eni mbumba, auzeni msanga zisadzakhale zoti mwamanga osawadziwitsa, iwonso angapeze anyamata otuta mchenga ndi madzi.

Ndipo chonde afunseni amayiwo musanakhome chilichonse, ayende nanu kuchoka pamphasa mpaka kubafa muone pomwe akugwira khoma, chogwirira chiikidwe pamenepo. Mukapitako muwatengerenso kuchipatala chachikulu pa boma akaonedwe mawondowo ndi maso omwe, a fizo, omwe amathandiza odwala kulimbitsa ziwalo, akuuzani ngati akufunika ndodo kapena chowayendetsa china. Mdzukulu mmodzi wamkulupo azigona nawo, ndipo foni ikhale ndi moto pafupi ndi pomwe amagona.