Agogo anu asavomere, ngakhale amfumu alonjeze kuti nkhani ithera pabwalo

Mwandilembera kuti agogo anu a zaka 74 akunenedwa kuti akuphunzitsa ana ufiti. Ana awiri a khomo loyandikana nalo akuti usiku amawakweza pa lichero. Amfumu aitanitsa bwalo Loweruka, ndipo amalume anu akuti agogo angovomera, apepese, apereke mbuzi, nkhani ithe. Inu, pokhala mphunzitsi wa Chingerezi, mudawerengapo sewero la Arthur Miller la The Crucible, lonena za milandu ya ufiti m'tauni ya Salem ku America, ndipo mukuti ku Salem kuja ovomera ndiwo adapulumuka pomwe okana adanyongedwa. Ndiye mukufunsa ngati si nzeru kuti agogo achite chimodzimodzi.

Asavomere, aphunzitsi. Kwa amfumu, kwa abusa, kupolisi, ngakhale moseka pakhonde.

Za ku Salem mwazigwira theka. M'chaka cha 1692, m'dera la Massachusetts lomwe linkalamulidwa ndi Akhristu okhwimitsa chipembedzo a gulu la Puritan, nkhani idayambanso ndi ana awiri, a zaka 9 ndi 11, m'nyumba ya m'busa Samuel Parris. Bwanamkubwa William Phips adakhazikitsa khoti lapadera, ndipo khotilo linkalandira umboni woti "mzimu wake udandidzera nkunditsina". Umboni wotere ungautsutse bwanji? Ukati unali kutchalitchi anthu akukuona, iwo akuti thupi linali kutchalitchi koma mzimu unali kwina. Loya woimira woimbidwa mlandu sankaloledwa. Anthu oposa 200 adatchulidwa, 19 adanyongedwa. Rebecca Nurse, gogo wa zaka 71, adayamba wapezeka wosalakwa, woweruza wamkulu William Stoughton nkuuza oweruza kuti akaganizenso bwino, ndipo adaphedwa pa 19 July.

Nzoona kuti oposa 50 adavomera ndipo chingwe chidawaphonya. Koma khoti linkawasunga pofuna kuti atchule anzawo, ndipo adatchuladi abale, oyandikana nawo nyumba. Ann Foster adavomera nkufera m'ndende. Samuel Wardwell adavomera, kenako nkubweza mawu, adanyongedwa pa 22 September. Elizabeth Johnson wamng'ono adavomera, adaweruzidwa kuti aphedwe, adapulumuka chifukwa choti bwanamkubwa adaimitsa kupha, koma dzina lake lidayeretsedwa mu 2022, patatha zaka 329. Sewero la Miller, lomwe lidatuluka mu 1953, lidasintha zina kuti nkhani ikome, monga zaka za Abigail Williams, mmodzi wa ana awiri aja. Musatengeko uphungu wa milandu.

Lamulo lathu lidaima mwina. Ku Salem ufiti udali mlandu, ndipo khoti linkafufuza ngati munthu ndi mfiti. Kuno ku Malawi lamulo la Witchcraft Act la 1911 silivomereza kuti ufiti ulipo, choncho palibe khoti lingazenge agogo mlandu wotamba. Komiti yapadera ya Law Commission, bungwe lounika malamulo a dziko lino, idapereka maganizo mu 2021 oti lamuloli lisinthe, koma maganizo si lamulo. Mpaka Nyumba ya Malamulo italisintha, la 1911 ndilo likugwira ntchito. Gawo 4 likuti wonena mnzake kuti ndi mfiti ndiye wolakwa, ndipo angakhale kundende mpaka zaka 5. Gawo 6 likuti munthu amene, m'mawu kapena m'zochita, akudzionetsa kuti ndi mfiti kapena ali ndi mphamvu za ufiti, angalandire zaka 10.

Werenganinso gawo 6 limenelo, pakuti msampha wagona pamenepo. Lero agogo alibe mlandu uliwonse. Olakwa ngati alipo ndi amene akuwaloza chala. Loweruka akangoti "inde, ndimawatenga anawo", adzipangira okha mlandu womwe kunalibe, pamaso pa mudzi wonse, mboni zili mbwee. Amalume anu akuganiza kuti akugula mtendere ndi mbuzi; sakudziwa kuti akulembera woimira boma pamlandu umboni wake.

Ndaziona zikuyenda motere kangapo. Gogo amavomera pabwalo chifukwa achinyamata azungulira ndi zibonga. Apolisi amabwera nkumutenga, akuti "tikukutetezani", ndipo nthawi zina amakhala akumutetezadi. Kupolisi wina amatulutsa pepala, nkulemba sitetimenti m'Chingerezi, gogo wosadziwa kuwerenga nkudinda chala. Mawa lake kwa majisitireti amamuwerengera mlandu, womasulira nkufunsa mwachidule kuti "mukuvomera kapena mukukana?" Gogo, atatopa, atauzidwa usiku wonse kuti ukavomera amakukhululukira, amati ndikuvomera. Mlandu watha m'mphindi zochepa, popanda mboni ngakhale imodzi kuyankha mafunso. Anawo safunsidwa nkomwe kuti nkhani ya licheroyo adayamba kuinena liti, ndipo adawafunsa ndani, atagwira chiyani m'manja. Chimandiwawa nchakuti woloza chala amabwerera kwawo kukadya nsima, pomwe lamulo lidalembedwa kuti ligwire iyeyo.

Mudzati, "koma adawakakamiza". Musadalire zimenezo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu, inde. Koma gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola khoti kumva mawu ovomerawo ngakhale mutadandaula kuti adatuluka mwa mantha. Khoti limayeza pambuyo pake ngati mawuwo ndi oona. Ndiye kuti ntchito yowatsuka imakhala yaikulu kuposa yongowaletsa kutuluka pakamwa. Ndiponso munthu akavomera yekha m'khoti, khomo la apilo limachepa kwambiri: nthawi zambiri amangololedwa kudandaula za kukula kwa chilango, osati za kupezeka wolakwa. Njira ilipo yopempha High Court kuti iunikenso ngati majisitireti sadatsimikize kuti woimbidwa mlandu akumvetsa chomwe akuvomera ndi zotsatira zake, monga lamulo limafunira. Ena adatulukira khomo limeneli. Koma zimatenga miyezi, ndipo gogo wa zaka 74 miyezi ya kundende imamuwerengera mwina.

Ku Salem, Giles Corey atakana kuyankha mlandu adamusanjikiza miyala pachifuwa mpaka kufa pa 19 September 1692. Agogo anu ali ndi ufulu womwe bamboyo adalibe: kukhala chete. Auzeni m'mawu oti awamve, muwabwerezere kangapo: "Sindinena kanthu mpaka abwere wondiimira." M'khoti yankho ndi limodzi: "Ndikukana."

Tsono zoti muchite sabata ino. Pitani kupolisi inuyo msanga, ku Victim Support Unit, mukadandaule kuti agogo akunenedwa ufiti ndipo akuopsezedwa, mutchule maina a akuluakulu amene akunena, tsiku ndi malo, ndipo mutenge dzina la wapolisi amene walemba. Ofika koyamba ndi amene nkhani yake imalembedwa ngati dandaulo. Sindingakulonjezeni kuti wina amangidwa: gawo 4 limapatula munthu amene wangokanena kwa mfumu, kupolisi kapena kukhoti, choncho zidzatengera ngati adalalata pamsewu, pamaliro kapena pa WhatsApp. Mauthenga oterowo asungeni, musafufute.

Bwalo la Loweruka agogo sakukakamizika ndi lamulo kukayankhako mlandu wa ufiti, chifukwa amfumu alibe mphamvu yozenga milandu ya upandu, kapena yothamangitsa munthu pamudzi pake chifukwa cha mphekesera. Pitani inu ndi wachibale wina wamkulu, mwaulemu wonse, mukawauze kuti nkhani ili kupolisi. Akatchula zoitana sing'anga woti aloze mfiti, kapena zomwetsa mankhwala, akumbutseni kuti lamulo la 1911 lija limalanga woitanayo, sing'angayo, ndi mfumu yolola mwavi m'mudzi mwake. Zikakanika kwerani kwa gulupu, kwa T/A, mpaka kwa DC, polemba kalata ndi kusunga kope lake.

Agogo asagone okha. Ku Neno mu January 2016 okalamba anayi adaphedwa mphezi itapha mtsikana, ndipo lamulo lidafika maliro atachitika. Ngati mungathe atengeni akakhale kwanu masabata angapo, koma pakhale wina wotsala panyumba ndi kumunda, chifukwa nkhani zambiri za ufiti zomwe ndagwirapo, ukazikumba, pansi pake umapeza malire a munda. Akamenyedwa, tengani kalata kupolisi mukapimitse kuchipatala tsiku lomwelo. Nyumba ikatenthedwa, jambulani zithunzi musanasese.

Akatengedwa ndi apolisi, funsani poyera ngati amangidwa kapena akusungidwa kuti atetezeke. Ngati amangidwa, lamulo likuti aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo mungapemphe belo. Thamangirani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osowa, tsiku lomwelo, musadikire tsiku la khoti. Malawi Human Rights Commission imalandiranso madandaulo otere. Pepala lililonse asadinde chala lisanawerengedwe m'Chichewa inu kapena loya mulipo. Ndipo amalume anu muwaonetse kalata ino lisanafike Loweruka.