Mafunso pa Chichewa: pofunsira ntchito ya zamakompyuta

Mnyamata wina wa ku Area 25, amene wangomaliza maphunziro a zamakompyuta ku yunivesite ya MUBAS, wafunsa kuti: "Ndinalembera bwana wa kampani ina ku City Centre uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti 'ndikufuna ntchito.' Malume atauona anati ndalemba mwamwano. Mwanowo uli pati?"

Malume anu anena zoona. Chiganizocho sichinaphwanye lamulo lililonse la chiyankhulo, koma "ndikufuna" ndi mawu a munthu amene waima pagolosale ndalama zili m'manja. Kwa anzanu nenani momwe mungafunire: mukufuna ntchito, mukusaka ntchito, mwatha nsapato ndi kuzungulira ku Kanengo. Kwa munthu amene angakulembeni, mneni wake ndi kufunsira: "Ndikufunsira ntchito imene munalengeza m'nyuzipepala ya The Nation." N'chifukwa chake kalata ija timati kalata yofunsira ntchito. Ndi mneni yemweyo amene amagwira ntchito pa mbeta, ndipo konse kuwiri wofunsirayo amakhala atavomereza kale kuti akhoza kukanidwa. Kupempha ntchito kumamvekanso, koma ine ndimakusiyira pamene palibe malo amene alengezedwa, mwangogogoda kuti mwina angakuganizireni.

Samalaninso ndi mneni kulemba. Bwana ndiye amalemba anthu ntchito, inu mumalembedwa. Mukapambana mudzati "andilemba ntchito" kapena "ndalembedwa." Za "ndaapulaya" zija, pocheza palibe vuto, bola polemba musameze "a" mmodzi, chifukwa pali nda- kenako apulaya.

Tisanamizane, kalata yeniyeniyo ndi CV mudzalemba m'Chingerezi, monga momwe malonda a ntchitozo amatulukira. Chichewa chimakudikirani pageti, kwa olandira alendo, pafoni, ndi m'mauthenga ngati wanu uja. Apo ndi pamene ambiri amapunthwa, poti sanaganizeko kuti napo pafunika kukonzekera.

Mtsikana wa ku Kawale, amene amalemba mapulogalamu, akudandaula kuti agogo ake akulengeza kutchalitchi kuti mdzukulu wawo amakonza mafoni. Akufuna dzina la ntchito yake m'Chichewa.

Dzina limodzi lokwanira kulibe, ndipo musataye nthawi kulifunafuna. Pawailesi mumamva "luso lamakono" kapena "ukadaulo," koma mawu amenewa ndi otambalala kwambiri; amakwananso pa ulimi wothirira ndi pa makina a kuchipatala. "Zamakompyuta" ndiye amayandikira, ngakhale amaphimba wogulitsa, wokonza ndi wophunzitsa pamodzi. Chichewa chimakonda kutchula ntchito ndi mneni, ndiye nenani zimene manja anu amachita. Vuto la "ndimapanga mapulogalamu" ndi lakuti kwa agogo pulogalamu ndi ya pa MBC. Auzeni chonchi: "Agogo, mukamatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, foni imatsata malangizo amene munthu anachita kulemba. Ine ndimalemba malangizo oterowo." Wa netiweki anene kuti amalumikiza makompyuta a mu ofesi kuti azitumizirana zinthu. Wa database ali ndi mwayi, chifukwa mawu akuti kaundula alipo kale, ndipo aliyense amene anaima pamzere wa chiphaso cha unzika mu 2017 akudziwa kuti dzina lake linalowa m'kaundula wa pakompyuta. Wa zachitetezo anene kuti amateteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti. Mneni woti muupewe ndi kukonza. Mukangoutchula, Loweruka mupeza mafoni atatu osweka akukudikirani pakhonde.

Funso lalitali lachokera kwa aphunzitsi ena a ku Likuni. Mwachidule akuti ana a masiku ano akuipitsa chiyankhulo ndi mawu ngati kompyuta, laputopu ndi kudawuniloda, ndipo akufunsa ngati sitingapeke athuathu.

Aphunzitsi, nkhawa yanu si yachilendo. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyang'anira chiyankhulochi, ndipo kuyambira mu 1996 ntchitoyo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Koma ngakhale bungwe litapeka mawu, amene amagamula ndi pakamwa pa anthu. Sukulu, buku, sitolo ndi foni zonse zinabwera ndi alendo, ndipo lero palibe amene amaziona zachilendo. Ine funso langa pa mawu obwereka limakhala limodzi: kodi akumvera malamulo a Chichewa? Kompyuta ikumvera. Timati kompyuta yanga yazima, makompyuta anga azima. Ena amati kompyuta zanga, osaika ma-, ndipo nazonso n'zololeka, monga timanenera nyumba zanga. Chosaloleka ndi kusakaniza, kunena kuti "makompyuta zanga." Aneni nawonso amamvera: kupulinta kumabala kupulintira, kupulintitsa ndi kupulintidwa, moti wofunsira ntchito akati "ndakapulintitsa CV ku Old Town" wayankhula Chichewa chenicheni, ndipo tamva kuti sanapulinte yekha.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa chizolowezi cha kupanga. "Ndapanga submit," "andipanga shortlist," "mupange confirm." Apa palibe kubwereka, mneni wa Chingerezi wangokhala chilili, osalandira mphatikiri aliyense, pomwe athu alipo: ndapereka, andisankha, mutsimikize. Mayina a ziyankhulo zolembera mapulogalamu, a mapulogalamu ndi a makampani, monga Python, Java, Linux ndi Cisco, asiyeni momwe alili. Munthu wolemba "Payithoni" pa CV sathandiza Chichewa, ndipo ntchitonso saipeza.

Polemba mawu obwerekawa kumbukirani lamulo la l ndi r. Kawirikawiri timalemba r pambuyo pa i ndi e, ndipo l kwina konse. N'chifukwa chake mapepala awiri amene ali mu envelopu imodzi amalembedwa mosiyana: digiri ndi r, dipuloma ndi l. Chimodzimodzi kontirakiti ndi pulogalamu.

Wina wa ku Area 18 waitanidwa ku intaviyu, ndipo wamva kuti mmodzi mwa ofunsa mafunso ndi mnzake amene ankagona naye hositelo imodzi. Amutchule bwanji?

Inu. M'chipinda chimenecho mulibe iwe, mulibe aise, mulibe "madala." Ngati mukutchula dzina, ikani a patsogolo pa dzina la bambo awo, a Uje, ngakhale dzulo lomweli munali limodzi ku Bingu National Stadium. Enawo ndi bambo, mayi kapena abwana. Achimwene ndi achemwali ndi mawu abwino m'minibasi, koma pano amamveka ngati mukufuna kudzera pachibale. M'makampani a zamakompyuta mabwana ambiri ndi achinyamata ndipo ena amakonda kutchulidwa dzina loyamba. Dikirani anene okha.

Koma pali ulemu wina umene umadyetsa njala, ndipo uli m'kachidutswa kakang'ono, -ko. Tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa, ndiye akatifunsa ngati timadziwa Linux timayankha kuti "ndimadziwako," "ndimayesako," "pang'ono pokha." Kumudzi aliyense amamva kuti mukudzichepetsa. Wofunsa mafunso amalemba zimene mwanenazo: amadziwa pang'ono. Ngati chinthu mumachitha, nenani kuti "ndimachitha," kenako perekani umboni: "Ndinalumikiza makompyuta a sukulu yonse, ndipo mpaka lero akugwira ntchito." Kumeneko si kudzitama, chifukwa mwatchula ntchito, simunadzitchule nokha katswiri. Siyanitsaninso "ndinagwirapo ntchito ya netiweki," zimene zikutanthauza kuti zinachitika nthawi ina n'kutha, ndi "ndakhala ndikugwira ntchito ya netiweki," zimene zikusonyeza kuti simunasiye. Ndipo musadabwe akatembenukira ku Chichewa dala. Ntchito zambiri za m'mabungwe zimafuna munthu wokaphunzitsa anamwino kapena alangizi kugwiritsa ntchito tabuleti, ndiye amafuna amve ngati mungafotokoze password popanda kuthawira ku Chingerezi. Nambala yachinsinsi kapena mawu achinsinsi ndi zimene anthu anazolowera.

Mayi wina wa ku Biwi watumiza uthenga umene mwana wake analembera ofesi ina, woti "ndizabwera mawa, ndikuziwa malo ake," ndipo akufunsa ngati uli bwino. Mwagwa d kawiri. Za m'tsogolo zimatenga -dza-, ndidzabwera, ndipo mneni ndi kudziwa. Kumbali inayo, ena amaika d pamene safunika: "ndidzibwera tsiku lililonse" m'malo mwa ndizibwera. Kachidutswa -dzi- ndi ka zimene munthu akudzichita yekha, monga kudzikonzekeretsa. Mawu akuti ntchito ku Malawi kuno timalemba ndi t. Nchito mudzaiona m'Chinyanja cha ku Zambia.

Mayi yemweyo wafunsanso za probation. Nenani kuti nthawi yoyesedwa, kapena miyezi yoyeserera ntchito. Lamulo la zantchito la 2000 limati kwa wantchito waluso nthawi imeneyi isapitirire miyezi 12, choncho mwana wanu awerenge bwino ndime imeneyo asanasayine kontirakiti.