Kabokosi kochuna turbo dizilo: yankho kwa achimwene a ku Senga Bay

Achimwene ena a ku Senga Bay andilembera imelo, akuti ali ndi Toyota Hilux ya 2.5 D-4D yomwe amanyamulira nsomba kupita nazo ku Lilongwe, ndiye phindu lonse likungothera pa dizilo. Wina wawauza kuti ayikitse kabokosi kochuna injini, atseketsenso EGR (kachipangizo kobweza utsi mu injini), galimoto izimwa pang'ono. Akufunsa kuti achite kapena ayi.

Achimwene, za kabokosiko ndikuuzirenitu, musayike. Timabokosi tambiri totchipati ntchito yake ndi kunamiza kompyuta ya galimoto basi. D-4D ndi common rail, kutanthauza kuti mafuta amasonkhana mpaipi imodzi pa presha yomwe imatha kupitirira 1,000 bar asanalowe mma injector (tizipangizo topopera mafuta mu injini), ndiye kabokosiko kamauza kompyuta kuti presha yatsika, kompyuta nkulamula pampu kuti iwonjezere. Mphamvu muimvadi, koma ngati dashibodi yanu imaonetsa kamwedwe ka mafuta iyamba kukunamizani poti kompyutayo sikudziwanso mafuta enieni amene akulowa, uku ma injector akulemedwa, moto mu injini wakwera, ndiye tangoganizani dzuwa la kuno kunyanja mu Okutobala, mwadzaza usipa mpaka pamwamba mukukwera zitunda za msewu wa M14, pistoni itha kung'aluka ndithu. Mtengo wa injector imodzi mukafunse nokha, ndipo alipo anayi.

Remap yeniyeni, yomwe ndi kusintha pulogalamu ya mkompyuta momwemo, ndi nkhani ina. Ikachitidwa ndi munthu wodziwa imapereka mphamvu injini isanakwere kwambiri, mumasintha giya msanga, mafuta nkutsikako pang'ono. Pang'onotu, ndiponso pokhapokha phazi lanu likhale lodekha, chifukwa ambiri akamva mphamvu amangoponda moto.

EGR imabweza utsi wina mu injini kuti moto usatenthe mopitirira, mpweya woipa uchepe. Kuitseka sikupulumutsa mafuta oti mungawaone mthumba, ndipo galimoto zina zimayatsa getsi la check engine. Chomwe ndingavomereze ndi kuimasula pamodzi ndi manifold (paipi yolowetsa mpweya mu injini) nkutsuka, chifukwa mkatimo mumamatirira mwaye wosakanikirana ndi oyilo, wakuda bii ngati phula, mpaka njira ya mpweya kuchepa.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi thermostat, kachipangizo kotseka madzi kuti asapite ku rediyeta injini isanatenthe. Amakaniko ambiri kuno amaichotsa akuti ku Salima nkotentha injini ingawire. Ayi achimwene, dizilo amapsa bwino injini ikafika pa kutentha kwake, madigiri 80 kupita mtsogolo, ndiye inu mumanyamuka mbandakucha kuti nsomba zikafike pamsika msanga, madzi akungozungulira mu rediyeta osatenthedwa, kompyuta ikuona ngati injini idakali yozizira nkumathirabe mafuta ochuluka. Muyang'ane muvi wa kutentha, ngati mwadutsa pa Kamuzu Road udakali pansi, kapena ukutsika mukamatsetsereka pobwerera, thermostat mulibe kapena yafa. Injini ikamawira vuto likhala rediyeta yotsekeka, fani kapena pampu ya madzi, konzani zimenezo.

Fyuluta ya mpweya nayo, ndi fumbi la misewu yotsikira kumadoko imadzaza msanga, musadikire sevisi, muziitulutsa nkuyang'ana. Mapaipi ochokera ku turbo muwagwire ndi dzanja, mukapeza oyilo pa kilampu kapena mukamva kuti fwiii mukaponda moto, ndiye kuti mpweya ukuthawa, mafuta sakupsa onse, nchifukwa chake utsi wakuda uja kumbuyo. Utsi umenewo ndi dizilo amene munagula ndi ndalama.

Mafuta a mzigubu ndikudziwa kuti akasowa pa filling munthu umasowa chochita poti nsomba sizidikira, koma ena amasakaniza ndi palafini, mwina mumakhala madzi, ndipo zimenezi zimaononga pampu ya common rail poti imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane. Mukakakamizika, pansi pa fyuluta ya mafuta pali kotsegula kokhetsera madzi, muzikhetsa.

Za matayala ndi liwiro sindichulutsa. Popani mpweya molingana ndi kapepala ka pachitseko cha dalaivala, pamene alemba za galimoto yolemedwa, matayala akuluakulu a mmatope aja pa phula sakuthandizani. Mphepo yolimbana ndi galimoto pa 110 imakhala pafupifupi kawiri ya pa 80, makamaka katundu akatukuka kupitirira denga.

Ndiye musanalipire aliyense, dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita, pitani ku Lilongwe nkubwerako, mudzazenso pa pampu yomweyo, mugawe makilomita ndi malita. Muchite zimenezi musanakonze kalikonse ndiponso mutakonza. Manambalawo munditumizire, pamodzi ndi chaka cha galimotoyo ndi makilomita amene yayenda, kuti tione ngati ma injector akufunika kukapimitsa tisanakambe za remap.